Kasankhidwe ka mainjekita a injini ya turbo kapena supercharger

Injini ikaikidwa turbo kapena supercharger, zipangizo zokankhira mpweya mu injini, imameza mpweya wochuluka kuposa umene ikanakoka payokha, ndipo mpweya wochulukawo umafuna petulo wochulukanso. Mainjekita omwe inabwera nawo, tizipangizo topopera petulo mu injini, anawerengeredwa mphamvu ya ku fakitale, n'kusiyirako kampata pang'ono chabe. Mukakweza boost, yomwe ndi pulesha ya mpweya wokankhidwawo, mainjekitawo n'kufika pamapeto pawo, mafuta amaperewera, m'silinda mumatentha kwambiri, injini imagogoda, ndipo pistoni ikhoza kubooka musanasinthe n'komwe giya. Mantha amenewa ndi amene amathamangitsira anthu ambiri ku mainjekita aakulu kwambiri omwe angawapeze. Koma aakulu mopyola nawonso sabwera okha: injini imatsokomola pa idling, pomwe ikulira galimoto itaima, mapulagi amada, utsi umanunkha petulo, ndipo petulo wina amatsikira mu oyilo. Kukula koyenera kumapezeka ndi pepala ndi kakyuleta.

Malangizowa akukhudza mainjekita a petulo omwe amathira mafuta m'njira ya mpweya, kuseri kwa mavalavu. Injini za direct injection, zomwe zimathira mafuta m'silinda mwenimwenimo pa pulesha yopitirira 100 bar, zina mpaka 350 bar, zili ndi nkhani yawoyawo. Pa zimenezo chimene chimayamba kutopa kawirikawiri ndi pampu yoyendetsedwa ndi camshaft, ndipo ambiri amangowonjezera mzere wina wa mainjekita pa manifodi, mapaipi ogawira masilinda mpweya.

1. Lembani mphamvu yomwe mukufuna ndi mafuta omwe mudzathire

Nambala yoyamba ndi hosipawa yomwe injini idzatulutse ntchito yonse ikatha. Lembani yomwe turbo yanu, mapistoni anu ndi giyabokosi yanu zingapirire, osati yomwe mumaisirira pa magalimoto a anthu ena.

Muonetsetsenso kuti hosipawayo ndi yoyezedwa pati. Makina ambiri oyezera mphamvu ya injini, otchedwa dyno, amayeza pa mateyala, pomwe masamu ali m'munsimu amafuna ya pa crank, kutanthauza pa injini penipeni. Mphamvu ina imatayika m'giyabokosi ndi m'ma diff, pafupifupi 15 peresenti pa galimoto yokoka ndi mateyala awiri, ndipo yokoka ndi onse anayi imataya yoposerapo. Choncho ngati mukufuna 300 pa mateyala, gawani ndi 0.85, mupeza pafupifupi 350 pa crank. Imeneyi ndiyo tigwiritse ntchito.

Kenako mafuta. Petulo amapsa bwinobwino mpweya ukakhala magawo 14.7 pa gawo limodzi la mafuta. E85, yomwe mbali yaikulu ndi ethanol, imafuna magawo a mpweya pafupifupi 9.8 okha, ndipo pa mphamvu yomweyo pafunika mafuta ochuluka ndi 30 peresenti kapena kuposerapo. Methanol amafuna pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ngati mukudziwa kuti posachedwa musamukira ku E85, werengerani yomweyo lero, musadzagule kawiri.

2. Chitani masamu

Pali manambala ena awiri oti muwamvetse musanadine kakyuleta.

Yoyamba amaitcha BSFC. Imanena mapaundi a mafuta omwe injini imadya pa ola limodzi kuti itulutse hosipawa imodzi. Injini ya petulo yopanda boost imakhala pakati pa 0.45 ndi 0.50. Ya supercharger imakhala pa 0.55 mpaka 0.60, ya turbo pa 0.60 mpaka 0.65. Za boost zimadya kwambiri chifukwa timazipatsa dala mafuta oonjezera kuti aziziziritsa m'silinda ndi kuletsa kugogoda. Kusankha nambala yaing'ono pano kuti mainjekita otchipa aoneke okwanira n'kudzinamiza.

Yachiwiri ndi duty cycle, gawo la nthawi lomwe injekita imakhala yotsegula. Injini ya four-stroke imazungulira kawiri kuti silinda iliyonse iphulitse kamodzi, ndiye nthawi yomwe injekita ili nayo mumaipeza pogawa 120,000 ndi rpm, kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi. Pa 6,000 rpm ndi mamilisekondi 20. Pa 7,500 rpm atsala 16 okha. Injekita ikatsegula mamilisekondi 16 mwa 20 aja, ndiye kuti ili pa 80 peresenti. Ikafika pa 100 imangokhala yotsegula osatsekanso, ndipo kompyuta ya injini, ECU, sikhalanso ndi choonjezera ngakhale itaona kuti mafuta akuperewera. Werengerani pa 80 peresenti. N'zoona kuti mainjekita amakono amagwira bwino ngakhale pa 90, koma kampata kotsalako n'ka tsiku lozizira lomwe mpweya umalemera, ndi ka nthawi yomwe boost yadumpha kupitirira pomwe munaikonzera.

Kawerengedwe kake n'kotere:

kukula kwa injekita imodzi m'mapaundi pa ola = hosipawa × BSFC ÷ chiwerengero cha mainjekita ÷ duty cycle

Pa injini ya masilinda anayi, ya turbo, ya hosipawa 350: 350 × 0.60 ndi 210. Gawani ndi 4, mupeza 52.5. Gawaninso ndi 0.80, mupeza 65.6. Ogulitsa ena, makamaka a ku America, amalemba kukula m'mapaundi pa ola, ena m'ma cc pa mphindi. Pa petulo, chulukitsani mapaundi ndi 10.5 kuti mupeze ma cc. Apa zikutipatsa pafupifupi 690 cc pa mphindi. Popeza simupeza injekita yolembedwa 690, tengani yotsatira kumtunda, ya 700 kapena 750. Pa E85, 690 × 1.3 ndi pafupifupi 900, ndiye ya 1000 cc ndiyo ikuyenerani.

Taonani mmene chiwerengero cha masilinda chimasinthira zinthu. Injini ya masilinda 6 ya hosipawa 500 imafuna mainjekita a pafupifupi 660 cc, aang'ono kuposa a injini ya masilinda anayi ija, ngakhale ili ndi mphamvu yochuluka. N'chifukwa chake sizithandiza kungofunsa mnzanu kuti iye anaika angati.

3. Funsani kuti nambala ya pa bokosi inayezedwa pa pulesha yanji

Apa ndi pomwe ambiri amagwera, ngakhale amene masamu apamwambawa anawakhoza. Injekita yolembedwa 750 cc situlutsa 750 cc nthawi zonse. Imatulutsa zimenezo pa pulesha yomwe anaiyezera, ndipo nthawi zambiri ndi 3 bar, yomwe ndi 43.5 psi. Ena amayezera pa 4 bar, nambala n'kuoneka yaikulu. Musanayerekeze mainjekita a makampani awiri, dziwani pulesha ya aliyense.

Pulesha ikasintha, mafuta otuluka sasintha mofanana nayo. Amatsata square root. Kuchoka pa 3 bar kupita pa 4 bar, gawani 4 ndi 3 n'kutenga square root yake, mupeza 1.155. Pulesha yakwera ndi 33 peresenti koma mafuta angoonjezereka ndi 15 peresenti. Injekita ya 550 cc ifika pa 635 cc basi. Ndiye ngati mainjekita akuperewera pang'ono, kukweza pulesha kungakupulumutseni. Ngati akuperewera kwambiri, mungotopetsa pampu, ndiponso injekita imachedwa kutsegula pulesha ikakula.

Chofunika kwambiri pa injini ya boost ndi ichi. Injekita siona pulesha ya mu rail yokha, paipi ija yomwe imagawira mainjekita mafuta. Kamwa lake lili m'manifodi, ndipo m'manifodimo muli mpweya wa turbo womwe ukukankha mobwezera. Chimene chimatulutsa mafuta ndi kusiyana kwa mapulesha awiriwo. Rail ikakhala pa 3 bar osasuntha, inu n'kupatsa injini boost ya 1 bar, injekita yatsala ndi 2 bar yokha. Square root ya 2 kugawa ndi 3 ndi 0.816. Injekita yanu ya 750 cc yasanduka ya pafupifupi 610 cc, pa nthawi yeniyeni yomwe injini ikufuna mafuta ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Masamu anati 690, inu muli ndi 610, ndipo palibe chaonongeka chomwe mungachiloze.

Mankhwala ake ndi regulator yokhala ndi kapaipi kochokera ku manifodi, yomwe imakweza pulesha ya mafuta mofanana ndi boost: boost ikakwera ndi 1 bar, nayo ikweza ndi 1 bar. Mukatero kusiyana kuja kumakhalabe 3 bar. Poika pulesha yoyambira, zulani kapaipiko kaye injini ikulira, ikani 3 bar, kenako bwezerani. Ndipo kapaipi kameneka kamangeni ndi kilipi, chifukwa kakavuka pa boost mafuta amachepa nthawi yomweyo.

Magalimoto ambiri atsopano alibe paipi yobwezera mafuta ku thanki, ndipo ena amasunga pulesha imodzi yosasintha, kawirikawiri 4 bar. Pa otere muli ndi njira ziwiri: kuika paipi yobwezera ndi regulator, kapena kuwerengera kukula kwa mainjekita pa pulesha yomwe imatsala mukachotsa boost, n'kuonetsetsa kuti ECU ikudziwa za kusinthako.

4. Ganizirani za idling, ndipo musagule injekita yopanda manambala ake

Masamu aja akuuzani kuchepa komwe simuyenera kutsikirapo. Sanakuuzeni kukula komwe simuyenera kupitirira. Kumeneko kumadziwika injini ikamalira galimoto itaima.

Tiyerekeze kuti injini yanu ndi mainjekita a 300 cc imafuna mafuta otuluka kwa mamilisekondi awiri pa idling. Mukaika a 1500 cc, mafuta omwewo atuluka m'gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawiyo, mamilisekondi 0.4. Pa kanthawi kochepa chotero singano ya m'kati mwa injekita imayamba kutseka isanatsegule n'komwe mokwanira, ndipo mafuta otuluka satsatanso bwino zomwe ECU yalamula. Silinda ina ilandira ochuluka, ina ochepa, injini n'kumanjenjemera. Kukulitsa ndi 15 kapena 25 peresenti kuposa zomwe masamu anena kulibe vuto. Kuwirikiza katatu pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku n'kudziputira ntchito. Amene amafunadi mafuta ochuluka chotero amaika mizere iwiri, ang'onoang'ono oyendera mumsewu ndi aakulu olowerera boost ikakwera.

Palinso chomwe amati dead time. ECU ikatumiza magetsi, injekita sitsegula pompo. Pamapita kanthawi, pafupifupi milisekondi imodzi pa mainjekita ambiri, ndipo kanthawiko kamatalika magetsi a batire akatsika kapena pulesha ikakwera. Pa boost, pomwe injekita ikutsegula mamilisekondi 15, kulakwitsa dead time ndi 0.2 sikuoneka kwenikweni. Pa idling, pomwe mafuta akutuluka kwa milisekondi imodzi, kulakwitsa komweko ndi 20 peresenti ya mafuta onse. Galimoto yomwe imasintha kaliridwe mukayatsa magetsi akutsogolo kapena fani ikadzuka, kawirikawiri vuto lake limakhala pamenepa.

Ndiye pogula, funsani pepala la manambala: dead time pa mavoti a magetsi osiyanasiyana, kuyambira 8 mpaka 16, pa mapulesha osiyanasiyana, komanso mmene injekita imachitira ikatsegulidwa kanthawi kochepa. Makampani monga Injector Dynamics, DeatschWerks ndi Fuel Injector Clinic amapereka manambala amenewa, ena atawakonzeratu kuti mungowalowetsa mu ECU ya mtundu wanu. Kwa ine, injekita ya 1000 cc yokhala ndi manambala ake onse imaposa ya 650 cc yomwe wogulitsa sakudziwa n'komwe dead time yake. Yoyambayo mudzaichuna tsiku limodzi, yachiwiriyo mudzakhala mukulota manambala.

Funsaninso ngati mainjekitawo anayezedwa pamodzi kuti akutulutsa mofanana. Seti yabwino imasiyana ndi peresenti imodzi kapena ziwiri. Sensa ya mu ekizozi imawerenga masilinda onse pamodzi, ndiye silinda imodzi ikhoza kumaperewera mafuta nambala ikuoneka yabwinobwino. Pa chifukwa chomwechi, pewani mainjekita otchipa modabwitsa okhala ndi dzina la kampani yodziwika, chifukwa achinyengo alipo ambiri pa intaneti. Pewaninso aja oboola kapena ochotsa kachivundikiro ka kukamwa kuti azitulutsa kwambiri, pokhapokha ngati anayezedwanso pa makina atawasintha.

5. Yezani ma ohm

Tengani multimeter, chipangizo choyezera magetsi, ikani pa ma ohm, khudzitsani mawaya ake pa timapini tiwiri ta injekita yakale. Mukapeza pakati pa 10 ndi 16, ndi ya high impedance. Mukapeza pakati pa 2 ndi 4, ndi ya low impedance, yomwe imafuna ECU yotumiza magetsi ambiri potsegula n'kuwachepetsa ikatsegula. Kuika ya low impedance pa ECU yopangidwira high impedance kukhoza kuotcha ECU. Magalimoto ena akale a Honda ndi Mitsubishi anali ndi kabokosi ka ma resistor pakati pa mawaya pofuna kupewa zimenezi, ndipo mukasamukira ku high impedance kabokosiko kayenera kulambalalidwa.

Kale mainjekita aakulu ankapezeka a low impedance okhaokha. Lero a high impedance amakono, monga a m'banja la Bosch EV14, amatsegula msanga ndipo alipo mpaka opitirira 1000 cc. Ngati mulibe chifukwa chapadera, tengani amenewo.

6. Onani ngati akwana pamalo pake

Zulani injekita imodzi yakale muiyeze musanaitanitse chilichonse. Yambani ndi komwe mafuta amalowera. Ambiri amalowera pamwamba, koma injini zina monga Nissan SR20DET ndi RB25DET, ndi za Subaru zina zakale, zili ndi olowera m'mbali omwe amakhala m'kati mwa rail. Kusamuka kuchoka ku olowera m'mbali kupita ku olowera pamwamba kumafuna rail ina.

Yezani kutalika kuchokera pa O-ring yapamwamba, kamphira kozungulira koletsa mafuta kudontha, kufika pa yapansi. A EV14 amagulitsidwa aatali 34, 48 kapena 60 mm, ndipo pali timaadaputa totalikitsira. Ma O-ring ambiri ndi a 14 mm, koma injini zambiri za ku Japan zimagwiritsa a 11 mm kumtunda. Soketi nazo n'zosiyana: pali ya EV1 yamakona, ya USCAR, ndi ya Denso. Maadaputa a soketi amagwira, ngakhale kudula n'kuika soketi yoyenera pa waya kumachotsa malo amodzi omwe angadzavute mtsogolo.

Kapoperedwe nako kali ndi ntchito. Silinda ya mavalavu awiri olowetsa mpweya imayenerana ndi injekita yopopera mbali ziwiri, kuti mafuta alunjike pa mavalavu osati pa khoma lapakati. Ndipo ngati mudzathire E85, tsimikizani kuti zam'kati mwa injekita ndi zachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa ethanol amakoka chinyontho.

7. Pampu, fyuluta ndi mawaya

Mainjekita sangatulutse mafuta omwe pampu sinabweretse. Anayi a 750 cc atatsegula kotheratu amafuna 3,000 cc pa mphindi, omwe ndi malita 180 pa ola. Munthu akhoza kuona pampu yolembedwa malita 255 pa ola, monga Walbro 255 yotchuka ija, n'kuganiza kuti watha. Koma nambala imeneyo ndi ya pa pulesha ya pafupifupi 3 bar. Ndi boost ya 1.5 bar pampu ikukankha pa 4.5 bar, ndipo pamenepo imatulutsa ochepa. Pezani tchati cha pampuyo muwerenge pa pulesha yomwe idzagwirire ntchito, osati pa bokosi.

Pampu imafookanso magetsi akachepa. Waya wa ku fakitale woonda, wodutsa galimoto yonse, umadya mavoti. Kokani waya wonenepa kuchokera ku batire kudzera pa relay ndi fyuzi yakeyake. Pakati pa pampu ndi rail ikani fyuluta ya 10 micron kapena yosefa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo pa E85 isakhale yapepala.

8. Mangani, lowetsani manambala, kenako yesani

Gwirani ntchitoyi injini itazizira, kutali ndi moto. Zulani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha kuti pulesha ithe mu rail, kenako chotsani waya wa negativi pa batire. Pukutani dothi lozungulira mainjekita akale musanawazule kuti lisagwere m'manifodi. Pakani ma O-ring atsopano kaoyilo koyera pang'ono, lowetsani injekita moipotokola pang'onopang'ono. O-ring youma imang'ambika osaoneka, ndipo petulo wodontha pafupi ndi turbo yotentha sachedwa kuyaka.

Musalize injini ECU isanauzidwe za mainjekita atsopano. ECU yomwe ikuganiza kuti ikadali ndi a 300 cc idzathira mafuta opitirira kawiri, mapulagi n'kunyowa, oyilo wa m'makoma a silinda n'kutsukika. Lowetsani kukula, dead time ndi manambala a kutsegula kwa kanthawi kochepa. Mukatero bwezerani fyuzi ndi batire, tembenuzani kiyi kangapo osaliza kuti pampu idzaze rail, muunike paliponse ngati pakudontha.

Injini ikalira n'kutentha, onani ma fuel trim, manambala osonyeza mafuta omwe ECU ikuonjezera kapena kuchepetsa yokha, pa idling ndi poyenda pang'onopang'ono. Akamasewera mosapitirira 5 peresenti uku kapena uku, manambala anu ali bwino. Akasokonekera pa idling pokha, kayikirani dead time. Akasokonekera mofanana paliponse, kayikirani kukula komwe mwalowetsa kapena pulesha.

Boost muiyese pa dyno kapena pabwalo la mpikisano, muli ndi sensa ya wideband, ya mu ekizozi yoyeza kasakanikiridwe ka mpweya ndi mafuta, ndipo muyambe ndi yochepa. Pa petulo ochuna ambiri amafuna magawo a mpweya pakati pa 11.5 ndi 12 pa boost yonse, omwe pa muyezo wina wa kasakanikiridwe komweko, wotchedwa lambda, ndi pafupifupi 0.78 mpaka 0.82. Jambulani zinthu zitatu nthawi imodzi: lambda, duty cycle ndi pulesha ya mafuta. Duty cycle ikapitirira 85 peresenti pulesha ili njii pomwe iyenera kukhala, mainjekita achepa, ndipo musaonjezere boost mpaka mutasintha. Koma duty cycle ikamakwera pulesha ikutsika rpm ikamakwera, mainjekita alibe mlandu. Chotsani phazi, mukayang'ane pampu, fyuluta ndi mavoti omwe akufika ku pampuyo.